Moto wosabweza chenji

Pali anansi ena amene timakhala nawo zaka makumimakumi koma timangowadziwira pa kauntala. Amwenye a ku Limbe ndi ena mwa iwo. Makolo awo adafika kuno m'nthawi ya atsamunda, ambiri kuchokera ku Gujarat, ndipo m'zaka za m'ma 1970 boma lidawachotsa m'midzi kuti azichitira malonda m'mizinda mokha. Chichokereni apo ubale wathu udangotsala wa "zingati iyi bwana?" ndi "tsitsaniko pang'ono". Momwe amapempherera ambiri a ife sitidziwa, komanso sitifunsa. Timangowaika onse m'thumba limodzi, chonsecho pakati pawo pali Asilamu, Ahindu ndi Asikh.

N'chifukwa chake mnzanga wina wachihindu amene tidaphunzira limodzi kusekondale atandiitana kumwambo wa moto wolowera nyumba yake yatsopano, sindidazengereze. Mayi anga, omwe ndi a Mvano, sadakondwe nazo. "Iwe, ukakagwadira moto kumeneko usadzandipeze," adatero akuseka, koma maso awo sankaseka.

Mwambowo amautcha havan, ena amati homa. Tidavula nsapato pakhomo n'kukhala pansi pa mikeka, anthu ngati makumi atatu. Pakati pa balaza padali chiwaya cha mkuwa cha ngodya zinayi, chotambalala kumwamba, chopanikiza pansi, kukula kwake ngati mbaula. M'katimo adayalamo tinkhuni ta mango touma bwino. Wansembe, gogo wa imvi wovala zoyera, adayatsa kachidutswa ka camphor n'kukaika pakati pa nkhunizo, kenaka ndi chipande chachitali adayamba kudonthezera mafuta a mkaka otchedwa ghee. Moto udalandira, n'kudzuka.

Mapemphero adali m'Chisanskrit, ndipo sindidatolepo kanthu. Koma khutu la mlakatuli silisowa chakudya. Mawu ankakwera, kutsika, kukhazikika, ngati mtondo wa anthu awiri osinja mogwirizana. Mawu ena mwa amenewa ngochokera mu Rigveda, nyimbo 1,028 zimene akatswiri amati zidapekedwa zaka zoposa 3,000 zapitazo. Nyimbo yoyambirira yeniyeni ndi ya Agni, moto, ndipo pafupifupi 200 ndi zake. Kwa mibadwo yambirimbiri sizidalembedwe: mphunzitsi ankaimba, mwana n'kubwereza mpaka liwu lililonse likhale m'malo mwake. Bungwe la UNESCO lidalemekeza kaimbidwe kameneka mu 2003, zaka ziwiri lisadachitenso chimodzimodzi ndi Gule Wamkulu wathu.

Kumapeto kwa pemphero lililonse anthu onse ankati "svaha!" n'kuponya pamoto kanthu kakang'ono kotapa ndi zala zitatu: mpunga, chitowe ndi zitsamba zonunkhira, zosakaniza pamodzi. Moto unkati thethethe, utsi n'kukwera. Atatero kangapo, mbale ija idafika pamaso panga.

Apa, abale anga, mkono udalemera. Mawu a mayi adandibwerera, limodzi ndi malamulo khumi amene ndidaloweza ku Sande sukulu. Mnzanga adaona. "Achimwene, palibe chokakamiza," adandinong'oneza. Ndidaipatsira mbaleyo kwa wina.

Patadutsa kanthawi wansembe adapumira kuti afotokozere achinyamata, poti ambiri a iwo Chisanskrit sachimva ngati ine ndemwe. Adayankhula Chingerezi chothira Chichewa cha ku Limbe. Adati m'mabuku awo Agni ndi mulungu, komanso ndi wansembe ndi mtenga: chimene waika m'kamwa mwake amachinyamula kupita nacho kumwamba. Ahindu ena, adatero, amawerenga milungu yambiri, pomwe ena, monga a Arya Samaj, gulu limene Swami Dayananda Saraswati adaliyambitsa ku Bombay mu 1875, amati Mulungu ndi mmodzi ndipo motowo ndi chizindikiro chabe cha kuwala kwake. Kenaka adamasulira timawu timene timatsatira "svaha". Tanthauzo lake, adati, n'lakuti chimene ndaponyachi n'cha amene ndamutchula, sichilinso changa.

Mawu amenewo ndiwo adandigwira. Ife timati kupatsa n'kuika, ndipo mwambiwu ngwanzeru, udasunga midzi yathu m'zaka za njala. Koma tamverani bwino chimene ukunena: ndikukupatsa lero kuti mawa ndidzatape. Pa perekaniperekani timavina ndi ndalama m'mwamba kuti onse aone. Pamaliro chipepeso chimalembedwa m'kope, dzina ndi mtengo wake, n'kuwerengedwa pagulu. Andale akagawa ufa amabwera ndi wojambula. Ngakhale ine, amene ndimadya za cholembera, ndakatulo isadaume n'komwe ndimakhala nditawerengera kale kuti mkonzi andipatsa zingati. Kupereka kwathu konse kuli ndi lisiti.

Moto sulemba dzina la munthu. Subweza chenji. Chimene wauponyera sungadzachipeze m'nkhokwe ya wina aliyense. Mbale itabweranso ndidatapa, mumtima ndikutchula Mulungu yemwe ndidamudziwa kuyambira ubwana wanga, ndipo ndidaponya. Sindidagwadire moto. Ndidangoona timbewu tija tikuda, tikupsa, tikutha, popanda wondithokoza. Mpunga sudali wanga n'komwe, udali wa eni nyumba. Changa chimene chidapsa pamenepo chidali kachizolowezi kaja kowerengera, ngakhale kwa mphindi imodzi yokha.

Ndili chikhalire m'utsimo ndidakumbukira nthano ya makolo athu ya ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama. Amati Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere mpaka tsiku limene munthu adapekesa timitengo tiwiri n'kutulutsa moto. Tchire lidayaka, nyama zidathawa, ndipo Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, n'kulamula kuti munthu azifa. Kwa ife moto ndiwo udathamangitsa Mulungu. Kwa anzathuwa moto ndiwo njira yomufikira. Poyamba ndidaona ngati nkhani ziwirizi zikutsutsana, koma ayi. Moto wa ku Kaphirintiwa ngwa munthu amene watulukira mphamvu n'kuisiya ilikwire chilichonse, monga timachitira chaka ndi chaka potentha phiri lonse chifukwa cha mbewa zochepa. Moto wa m'chiwaya chija udali ndi malire a ngodya zinayi, ndipo aliyense adaufikira ali ndi choti asiye.

Pomaliza tonse tidaimirira. Mnzanga ndi mkazi wake adagwirira limodzi kokonati wouma wodzaza ghee n'kumuika pamoto, malawi n'kukwera mpaka ana adafutukira m'mbuyo. Motowo utazirala aliyense adaotchako zikhatho n'kudzipukuta nazo kumaso, kenaka adatigawira kachakudya kotsekemera kamene amati prasad, kofanana kwa wolemera ndi wosauka.

Sindikunena kuti utsi wa mmawa umodzi wafafaniza madandaulo a antchito a m'masitolo, kapena kukayikirana kwa mbali zonse ziwiri za kauntala. Zimenezo zimafuna malipiro abwino ndi kukambirana, osati chitowe. Koma anthu amene sadakhalepo pa mkeka umodzi amayambira pati kukambirana? Ndipo funso limene ndidachoka nalo silikhudza Amwenye okha. Likukhudza ine, ndi inu awerengi: kodi ndi liti pamene mudapereka kanthu popanda wolemba dzina lanu m'kope?