Kutsika Mulanje ndi Ndodo ya Tchona

Tsiku lachinayi linamuchera ali m'kanyumba ka alendo ka pa Chambe, miyendo itauma ngati nkhuni. Pamwamba pa Sapitwa, pa mamita 3,002, anali atafikapo kale dzana. Chotsala chinali kutsika basi. Koma mnyamatayo, wobadwira ndi kukulira ku Unit N ku Chitungwiza, anadzuka ndi mtima wolemera, pakuti ndodo ya malemu agogo ake aamuna inali idakali m'manja mwake.

Agogowo anachoka ku Mulanje m'zaka za m'ma 1950 kukafuna ntchito ku Salisbury, ndipo sanabwererenso: anasanduka tchona. Anamwalira ali ndi chitupa chowatchula mlendo, m'dziko limene malamulo ake aakulu a 2013 anadzaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Agogo aakazi ndiwo anapereka ndodoyo kwa mdzukulu, namuuza kuti akaisiye kwawo kwa mwiniwake. Pa Sapitwa analephera kuisiya. Panali mphepo ndi miyala yokhayokha, ndipo anaona kuti munthu amene anakhala moyo wake wonse akutchedwa mlendo sayenera kusiyidwanso pamalo amene dzina lake lomwe likunena kuti sipapitidwa.

Chinkamupweteka kuposa matuza a kumapazi chinali lilime. Tsiku loyamba, ludzu litamugwira, anapempha wonyamula katundu kuti amupatse "mvula" yakumwa. Bamboyo anayang'ana kumwamba, kenako n'kuseka mpaka kukhala pansi. M'Chishona mawu akuti mvura amanyamula zonse ziwiri, yogwa kumwamba ndi ya m'chikho, pamene Chichewa chinazilekanitsa. Atati "ndaneta" m'malo mwa "ndatopa", wolondolera njira anangotembenukira ku Chingerezi, ndipo masiku atatu onse anamulankhula monga amachitira ndi azungu. Sanachite mwachipongwe, unali ulemu wa pantchito, koma ulemu wina umatseka chitseko mwakachetechete.

Anatsika ndi njira ya Chapaluka, chiperoni chikuyamba kung'ambika. Mikungudza imene agogo ankaisimba usiku uliwonse magetsi akathima, yonunkhira mpaka m'zovala, anaiona yowerengeka. Ochekera matabwa anasiya zitsa. M'munsi, minda ya tiyi inayala ubiriwiri wake mpaka kumene maso amalekezera.

Pa Dziwe la Nkhalamba anapumula. Madzi ake ndi ozizira moluma mafupa, ndipo mnyamatayo atangoviikamo mapazi anafuula mosaganiza kuti, "Mayo ine, ndafa!" Umu ndi mmene agogo ake ankafuulira posamba m'mawa wa mwezi wa Juni.

Wolondolera njira anamuyang'ana kwa nthawi.

"Achimwene, mawu amenewo munawatenga kuti?"

Anayamba kufotokoza, Chichewa chake chikutsimphina, apa chagwera ku Chishona, apo chadzuka. Wolondolerayo sanamuthandize ndi Chingerezi ngakhale kamodzi. Anamusiya avutike, akungomukonzera liwu apa ndi apo, monga achitira mayi ndi mwana wophunzira kuyenda. Kenako anafunsa dzina la mudzi. Mnyamatayo anatchula limene analimva kwa agogo aakazi, koma linali litapindika ndi zaka makumi asanu ndi awiri za m'kamwa mwa anthu olankhula Chishona. Wonyamula katundu analibwereza katatu, akusintha kamvekedwe, mpaka linagwera pa dzina la mudzi umene ankaudziwa cha ku Phalombe.

Pofika ku Likhubula dzuwa linali litapendeka. Tikiti ya basi yobwerera kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda inali ya m'mawa mwake, ndipo ndalama zotsala zinali zongokwanira chakudya cha panjira. Anaimbira foni ku Unit N.

"Agogo, ndodo ija ndikadali nayo."

Kunali zii kwa kanthawi. "Nanga ukudikira chiyani, mdzukulu wanga?"

Anafunsa wonyamula katundu kuti minibasi ya ku Phalombe amakwerera pati, ndipo bamboyo anati aperekeza yekha, poti azakhali ake anakwatiwa komweko.