Chimbalangondo chafika pa Mtakataka

Inu amene munakula sitima ikadaima pa Golomoti, amayi n'kumakwezera nthochi ndi nsomba zowamba pazenera, mukulikumbukira fungo la chishango? Ana a lero amavina ndi zishango zakatoni tsiku lotsekera sukulu, koma cha nthawi yathu chinali cha chikopa cha ng'ombe, choumikidwa padzuwa chitakhomeredwa pansi ndi zikhomo, chimene chinkagona kudenga chaka chonse n'kumamwa utsi. Chikatsika tsiku la Ngoma chinkanunkha khola, mwaye ndi thukuta la chaka chatha. Kuno kwa Kachindamoto doda ankachigwira kumanzere, kumanja nthungo kapena chibonga, ndipo akaponda pansi fumbi linkatifika m'mano ife ana amene tinkaonerera patsinde pa mlambe. Akuluakulu ankatiuza kuti luso la munthu wankhondo linali kudziwa nthawi ya dzanja lililonse. Wodalira chishango chokha ankabwerako wamoyo koma wopanda chonena pabwalo. Wodalira nthungo yokha ankaimbidwa nyimbo, iye mwini osazimva.

Mlandu wa manja awiriwu sunathe. Masiku ano ukuzengedwa pa laputopu ya mwana wa mlongo wanga, mnyamata amene anabwera nayo kuchokera kusukulu kutauni pamodzi ndi tsitsi limene mayi ake sanalivomerebe. Amasewera World of Warcraft, masewero a pa intaneti amene kampani ya ku America ya Blizzard Entertainment inatulutsa mu 2004. Musaganize kuti Mtakataka yense wagwa nawo. Anzake ambiri ali pa mpira wa pafoni, ena pa Free Fire ndi PUBG, chifukwa awa a Warcraft amafuna kompyuta, ndalama ya mwezi ndi mwezi yolipira m'ndalama zakunja, komanso netiweki yosachita manyazi mitambo ikangounjikana pamapiri a Dedza. Mphwangayu ndi mmodzi mwa ochepa, ndipo bando yake ndi nkhani yosatha pakhomo.

Anandifotokozera kuti m'masewerowa anthu amalowa m'phanga la zilombo ali asanu. Mmodzi, amene amamutcha tank, ntchito yake ndi kuputa chilombo kuti mkwiyo wonse uthere pa iye. Wina ndi sing'anga, amapoletsa mabala nkhondo ili mkati. Atatu otsalawo ndiwo amabaya. Tank akalephera kusunga mkwiyowo, chilombo chimatembenukira sing'anga, ndipo sing'anga akagwa onse apita. Anthu asanuwa mwina sanaonanepo: wina ali ku Johannesburg, wina ku Germany, wina pakhonde pa mlongo wanga, udzudzu ukumudya akakolo.

Iye anasankha kukhala druid, munthu wosandulika. Akafuna kulandira nkhonya amasanduka chimbalangondo, nyama imene ife tinkangoimva m'Baibulo. Akafuna kubaya amasanduka chimphaka chonga nyalugwe, chozembera mdani kumsana. Amathanso kukhala sing'anga kapena woponya zamatsenga ali patali. Nditamva zimenezi ndinaseka chikhakhali. Ana inu, mukuyesa kusandulika mwayamba ndinu?

Ife tinakula ndi zilombo. Za kudambwe sitikamba m'magazini, ndipo amene anameta andimvetsa. Ndinena zokhazo zimene aliyense ankaona pabwalo. Kapoli ankabwera wopepuka, nthenga kumutu, tinsanza m'chiuno, thupi lonse matope, ndipo mapazi ake sankakhalitsa pansi. Makanja ankatiyang'ana ali kumwamba. Kasiyamaliro ankatuluka wolukidwa bwino ndi makoko a chimanga, akumveka tswatswatswa potembenuka. Njovu inali ya apo ndi apo, pamaliro a mfumu, ndipo inkayenda mwaulemu wa chinthu cholemera. Chilombo chilichonse chinali ndi chovala chogwirizana ndi kavinidwe kake. Palibe amene akanayembekezera Njovu kudumpha ngati Kapoli. Fungo lake ndimalimvabe: khonje wonyowa, utoto, mwaye ndi fumbi la m'chilimwe.

Pa laputopu napo mutu umazungulira pa zovala. Druid saloledwa kuvala zachitsulo ngati ankhondo ena a m'masewerowa. Zake ndi zachikopa, ndipo chovala chilichonse, kuyambira chipewa mpaka nsapato, mphete ndi mkanda, chimabwera ndi manambala ake. Chimbalangondo chimafuna zovala zokhuthala, chifukwa munthu akasandulika kulimba kwa chikopacho kumawirikiza kangapo. Chimafunanso chimene amati stamina, moyo wochuluka woti nkhonya zizitha iwe usanathe. Chodabwitsa n'chakuti tank ameneyu alibe chishango. M'zaka zoyambirira za masewerowa anzake ankatchinga ndi chishango kapena kuphera nkhonya ndi lupanga, koma chimbalangondo chinali ndi njira ziwiri zokha: kulewa, kapena kulandira n'kupirira. Mphaka ndiye alibe nazo ntchito zokhuthala. Iye amafuna mphamvu, nkhonya zosaphonya, ndi mwayi woti chikhadabo chimodzi chipweteke mowirikiza. Chimene nyama ziwirizi zimagwirizana ndi agility, kupepuka kwa thupi, chifukwa kumathandiza chimbalangondo kulewa, mphaka n'kumabaya mozama. N'chifukwa chake lamba wokhala ndi agility wambiri pamodzi ndi stamina amamulimbirana ngati nyama ya paukwati.

Za kulewazi akanafunsa mayi ake. Mlongo wanga anali katswiri wa fulaye. Mpira wake unali wa mapepala a shuga omangidwa ndi luzi, wolimba moti ukakupeza pantchafu unkasiya chizindikiro. Atsikana awiri ankaima uku ndi uku, iye pakati, botolo la Fanta lili pamchenga. Mpira ukadutsa ankagwada msangamsanga, kutapa mchenga ndi manja awiri, kuthira m'botolo, maso ali kwa woponya. Mpira ukamabwerera anali atadzuka kale, diresi atalipisira mu kabudula wamkati, akupinda msana kuti udutse. Kulewa kokha sikunkapambanitsa, chifukwa botolo likapanda kudzaza palibe chimene wachita. Kuthira kokha nakonso kunkakutulutsa msanga. Lero mayi yemweyo amati mwana wake akutaya nthawi, ndipo ine ndimangoyang'ana kumbali, pokumbukira kuti nsima inapsererapo kangapo chifukwa cha botolo lija.

M'masewero a mphwanga aja, pamene pagona nkhani ndi lamulo limodzi: nkhondo ikayamba, zovala susintha. Chida cha m'manja ukhoza kusintha, koma malaya, buluku ndi chipewa umatha nazo zomwe walowa nazo. Kusandulika ndi kamphindi, kuvula ayi. Tsono taganizani gulu lalikulu, la anthu 25, limene lapatsa druid ntchito yothandiza tank wamkulu. Poyamba agwire chilombo chaching'ono ngati chimbalangondo, chikafa asanduke mphaka akathandize kubaya chachikulu. Avale ziti? Akavala za chimbalangondo zokhazokha, mphaka wake amangokanda ngati wapakhomo. Akavala za mphaka, sing'anga amatuluka thukuta kumusunga, mwina osamusunga n'komwe. Akale anati mapanga awiri avumbwitsa, koma apa ochenjera amayenda ndi mitolo itatu m'thumba: wa chimbalangondo, wa mphaka, ndi wapakati. Posankha amayamba afunsa kuti chilombo cha lero chimamenya motani. Ngati chikhoza kukugwetsa ndi nkhonya ziwiri zotsatizana, uyambe wateteza moyo, popeza mphaka wakufa sabaya. Ngati sing'anga akukwanitsa mosavutika, stamina yowonjezera ndi katundu wongolemetsa, bola kuika mphete ya nkhonya. Ndinaona mphwanga akusinthanitsa mphete ziwiri kwa nthawi yoti munthu n'kupalira mzere wathunthu, akuwerengera pakapepala, lilime lili panja.

"Amalume, ichi chili ndi stamina yambiri koma ndikachivala ndiziphonya," anatero.

"Nanga anzakowo akuti bwanji?"

"Akuti ndikhale chimbalangondo basi. Tank amasowa."

Amasowadi, ndipo chifukwa chake n'chakalekale. Pakutha pa nkhondo kompyuta imaonetsa amene wabaya kwambiri, ndipo dzina la wolandira nkhonya limakhala kumunsi. Zikayenda bwino palibe amamutchula. Zikavuta, woyamba kutukwanidwa ndi iye, ndi anthu oti sakudziwa ngakhale mfunda wake. Apa pokha ndiye ndimadandaula. Pabwalo la Ngoma munthu wolakwitsa sitepe ankadzudzulidwa ndi diso la mkulu, mawu n'kudikira kuseri. Pa intaneti mwana wa zaka 14 amatha kunena mawu oti kwathu kuno mbuzi ikanatuluka m'khola.

Komatu ndisadzinamize ndi fungo la chikopa. Chishango chimene ndikuchisirirachi chisanakhale chovinira chinali cha nkhondo yeniyeni, ndipo Achewa ambiri a m'dera lino makolo awo anagona m'mapiri pochithawa. Sichinathenso kuimitsa chipolopolo: Inkosi Gomani woyamba anaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896, zishango zilipo. Zilombo nazo sizinali zosangalatsa zokhazokha. Ena a inu munataya mtsuko pothawa panjira ya kumadzi, ena munajomba kusukulu sabata yathunthu chifukwa cha mantha. Ansembe a White Fathers atakhazikitsa mishoni ya Mua mu 1902, panadutsa zaka zambiri mpingo ndi gule zikuyang'anizana ndi diso lofiira, mabanja n'kumagawikana. Zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene kuno timawadziwa kuti Achisale, anayambitsa malo a zachikhalidwe a KuNgoni pa Mua pomwepo mu 1976, ndipo lero nyumba yake ya Chamare imasunga nkhope za gule mazanamazana. UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005. Mwana wa sukulu tsopano amalowa masana n'kuyang'anitsitsa zimene ife tinkathawa osacheuka. Mantha achepa, ndipo n'zabwino. Koma china chake chimene chinkatigwira pamtima ng'oma ikalira usiku chachepa nawo limodzi.

Chimene chinandiseketsa koposa n'chakuti masewerowa nawo ali ndi kalekale lawo, ndi madala awo odandaula. Poyamba druid wofuna kumenya nkhondo ankanyozeka, magulu ambiri ankamuuza kuti akhale sing'anga kapena atsale. Mu 2007, chigawo cha The Burning Crusade chitatuluka, chimbalangondo chinapeza ulemu, ndipo munthu mmodzi ankatha kugwira ntchito ya chimbalangondo ndi ya mphaka ndi maphunziro amodzi. Mu 2012 eni masewero anazilekanitsa: chimbalangondo chinakhala Guardian, mphaka n'kutsala ndi dzina la Feral. Mu 2014 anachotsa pazovala manambala a kulewa ndi a kusaphonya, kuti anthu asamavutike ndi masamu. Kuvala kunaphweka, chovala chimodzi n'kumagwira uku ndi uku popanda manyazi. Mukuganiza anthu anathokoza? Analira kuti zakale ndiye zinali zenizeni, mpaka mu 2019 kampani inawabwezera masewero akale aja pansi pa dzina la Classic, ndi mavuto ake onse, anthu n'kumaima pamzere wa pa intaneti kuti alowe.

Mphwangayu, amene mu 2004 anali asanabadwe, amakonda za mtundu wakalewo, ndipo amakamba za nthawi imeneyo ngati anaiona. Anandionetsa chipewa china chotchedwa Wolfshead Helm, cha mutu wa mmbulu, chosokedwa ndi amisiri a zikopa a m'masewero momwemo. N'cha anthu apakati, osati akuluakulu, koma amphaka ankachikakamira mpaka kumapeto chifukwa chimawonjezera mphamvu nthawi iliyonse ukasandulika. Palinso chibonga cha Manual Crowd Pummeler, chopezeka m'phanga la ana la Gnomeregan, chimene mu Classic ya 2019 chinkafulumizitsa nkhonya katatu kokha n'kutha ntchito. Anthu akuluakulu, ena a ndevu zaimvi, ankabwerera kuphangako mobwerezabwereza kukatola zibonga zodzaza thumba usiku wa nkhondo usanafike. Akamafotokoza zimenezi maso ake amawala, ndipo ndimazindikira mawu anga omwe ndikamakamba za ulendo wapansi wokwera Khwekhwerere. Kuvutika ukakutha kumakoma pokamba.

Kusiyana kulipo ndithu. Chovala cha gule ndi chishango zinkachokera m'munda, m'khola ndi m'dambo la konkuno, ndipo wozipanga ankadziwika ndi mudzi wonse. Za mphwanga zili pa kompyuta ya kampani kutsidya la nyanja, sungazinunkhize, ndipo mwezi ukapanda kulipiridwa chitseko chimatsekeka zovala zili mkati. Magetsi akathima nkhondo ili pakati, chimbalangondo chimangoima chilili mpaka kufa, ngakhale kuti pa Golomoti pomwepa pali munda wa magetsi a dzuwa wa mamegawati 20 umene unayamba ntchito mu 2022. Komanso mnyamatayu Chingerezi chake chathwa, masamu a peresenti amawachita pamtima, ndipo waphunzira kulamula anthu akuluakulu a mayiko ena kuti aime apa, adikire, asaputenso chilombo china. Ine pamsinkhu wake munthu wakutali amene ndinali nditayankhula naye anali wa ku Salima.

Pakadali pano wagwirizana ndi gulu lake kuti azikhala chimbalangondo pa zilombo zikuluzikulu, mphaka pa zotsalazo, ndipo akusakabe magolovesi a mtolo wapakati uja. Nkhondo yotsatira ili Lachiwiri 9 koloko usiku. Mayi ake anena kale kuti mbalame zikadya mpunga ku Bwanje chifukwa wina wadzuka mochedwa, laputopu ikagona kwa amalume ake mpaka kukolola.