Stellarium ndi abale ake

Aphunzitsi anzanga, ndi inu amene munadutsa m'manja mwanga, mukuwakumbukira makompyuta asanu a Ubuntu aja? Mu 2010 ndinalonjeza ana a Fomu 3 kuti Lolemba adzaona nyenyezi masanasana, pa pulogalamu ya Stellarium. Pasukulu panalibe intaneti, ndiye Loweruka ndinapita ku internet cafe kutauni n'kukopera fayilo imodzi ya .deb pa flash.

Lolemba ana atandizungulira, ndinalemba sudo dpkg -i, kenako dzina la fayiloyo. Inakana. Ikufuna stellarium-data, ikufunanso mafayilo a Qt. Kani pulogalamu siyenda yokha, ili ndi abale ake amene imadalira, ndipo dpkg imangotchula amene akusowa, siikawatenga. Wokawatenga ndi apt-get, koma pamafunika intaneti. Mnyamata wina kumbuyo anati, "Sala, kwachita mitambo." Kalasi yonse inafa nacho chiseko.

Loweruka linalo ndinakweza kompyuta yathunthu m'minibasi. Kutauni ndinalemba sudo apt-get install stellarium, ndipo abale onse anabwera okha, ngakhale mwapang'onopang'ono. Mafayilo awo anatsala mu /var/cache/apt/archives. Ndinawakopera, ndipo m'makompyuta anayi otsalawo sudo dpkg -i *.deb inagwira bwinobwino.

Kondakitala anandilipiritsa mipando iwiri, popita ndi pobwerera.