Chimbale cha Panjinga ya Kabaza

Loweruka lapitali, pochokera kumsika wa pa boma, ndinakwera kabaza. Tisananyamuke, maso anga anagwera pa chimbale chimene mwini njingayo anamangirira ndi waya kumbuyo kwa keliyala kuti chiziwala galimoto ikaunika usiku. Zimbale zotere zili mbwee panjinga za kuno ku Mwanza, ndipo palibe amene amaziyang'ana kawiri. Koma ichi chinali ndi kachizindikiro kozungulira ka anthu atatu ogwirana manja, kosuluka ndi dzuwa. Ndinafunsa kuti, "Achimwene, chimbalechi munachitenga kuti?" Iwo anati anachitola m'katoni ya zinyalala kuseri kwa shopu ina. Sankadziwa kuti ndi Ubuntu. Ine ulendo wonsewo mtima unali utabwerera ku chaka cha 2006.

Chaka chimenecho ndinali Fomu 2, ndipo ndikaweruka ndinkathamangira kukashopu ka amalume, m'mbali mwa msewu wopita kuboda. Munali makina a fotokope, pulinta, ndi kompyuta imodzi yakale ya Pentium III imene anaigula kwa munthu ku Limbe. Ankatayipa makalata ofunsira ntchito, ndondomeko za maliro, makadi a chinkhoswe ndi a ukwati, ndi timapepala ta madalaivala odikira kuti katundu wawo aonedwe. Mwanza ndi malo odutsira. Makontena ochokera ku Beira ndi ku Durban ankadutsa otseka ndi maloko, mabasi a ku Johannesburg ankadutsa makatani atatsitsidwa, ndipo ife ana tinkangowerenga zolembedwa kunja kwake uku tikukweza mabeseni a manachesi kumawindo. Chilichonse chinapangidwira kwina, chikupita kwina. Ndikhulupirira n'chifukwa chake zimene ndikufuna kufotokozazi zinandigwira mtima chotere: unali katundu woyamba amene tinaloledwa kumasula n'kuona zamkati.

Mavayirasi obwera ndi mafulashi a makasitomala ankatidwalitsira kompyutayo mwezi ndi mwezi. Tsiku lina amalume anamva pa intaneti kafe ina ku Blantyre kuti kampani ya Canonical, ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ikutumiza zimbale za Ubuntu, pulogalamu ya Linux yoyendetsa kompyuta, mwaulere kwa aliyense wolemba adiresi yake, kudzera m'ndondomeko yotchedwa ShipIt. Analemba. Patapita milungu ingapo envulopu inafika ku positi ofesi, muli Ubuntu 6.06. Amalume anaitembenuzatembenuza, n'kunena kuti, "Mphwanga, dzinali si lachilendo ayi. Ndi umunthu womwewu."

Titaika Ubuntu m'kompyutamo, tinapeza kuti zotayipira makalata zinalimo kale. Koma makadi a ukwati ankafuna pulogalamu yoyala bwino zithunzi ndi zilembo, ndipo imeneyo tinaipeza pa chimbale cha magazini ya Linux Format imene dalaivala wina anatibweretsera kuchokera ku Johannesburg. Dzina lake Scribus. Vuto linali lakuti sinabwere yopsa. Mapulogalamu ambiri amabwera ngati nsima ya m'mbale, kwako n'kusamba m'manja basi. Iyi inabwera ngati chimanga cha m'nkhokwe: utonole, ukonole, ugayitse, uphike wekha. Anali mafayilo mazanamazana a zolemba za anthu, zija amati source code, ndipo tinayenera kuzimanga tokha kuti zisanduke pulogalamu. Tinkati kukompaila. Malamulo ake anali atatu, ndipo ndinawaloweza msanga kuposa fomula iliyonse ya masamu: ./configure, kenako make, pomaliza make install. Mbiri yake tinkaidziwa patalipatali, kuti mnyamata wina wa ku Finland, Linus Torvalds, anayamba Linux mu 1991, ndi kuti chomangiracho, gcc, chinachokera kwa Richard Stallman ndi anzake a GNU. Kwa ife anali ngati makolo a kumudzi kwina amene anatisiyira zipangizo pakhonde.

Lamulo loyamba lenilenilo linatikana. Linati chomangira palibe. Tinachipeza pa chimbale cha Ubuntu chomwecho, m'phukusi lotchedwa build-essential. Titayesanso, linati mafayilo a Qt palibe. Apa ndinaphunzira kuti pulogalamu ili ndi abale, ndipo abalewo ali ndi abale awo. Intaneti m'shopu munalibe. Ndinkalemba m'kope la sukulu mayina onse osowa, ambiri othera ndi -dev, ndipo Lachisanu amalume akamapita ku Blantyre kukagula mapepala ndi tona, ulendo wa makilomita pafupifupi 100, ankatenga kopelo ndi fulashi. Madzulo ndinkawachingamira pa depoti. Tikalowetsa zimene abweretsa, kompyuta inkatchula dzina lina latsopano, ndipo tinkadikiranso Lachisanu lina. Mwezi wathunthu unatha chotero. Sindikumbuka kuti ndinatopa. Ndikumbuka kuti Lachinayi usiku tulo tinkavuta kubwera.

Tsiku limene ./configure inafika kumapeto osadandaula, tinatseka shopu msanga, n'kulemba make. Mizere yoyera inayamba kutsetsereka pa sikirini yakuda ngati mvula ya m'Januwale padenga. Ola linatha. Kenako zii. Pansi penipeni panali mizere ingapo ya Error 1 ndi Error 2, ndipo ine ndinayamba kuikopera m'kope. Amalume anandigwira dzanja. Iwo za mapulogalamu sankazidziwa, koma anakhala zaka zambiri akukonza mawailesi, ndipo matenda a makina ankawamva fungo. Anati, "Kukamveka mfuu ya wakuba m'mudzi, womaliza kukuwa sanaone kanthu. Funa amene anayamba." Tinakwera m'mwamba mzere ndi mzere mpaka tinaupeza: internal compiler error, Segmentation fault. Chomangira chenichenicho chinali chitagwa. Mawuwo amatanthauza kuti pulogalamu yaponda m'memori pamalo posakhala pake, ngati munthu wolima kupyola malire a munda, ndipo Linux yaigwetsa pomwepo. Chizindikiro chake ndi nambala 11.

Ubwino wa make ndi wakuti siyambiranso pachiyambi. Zimene yamanga kale imazisunga. Tinalembanso lamulolo. Inadutsa bwinobwino pa fayilo imene inagwera ija, n'kuyenda mphindi makumi awiri, n'kugwanso pa ina. Mawa lake chimodzimodzi, pamalo penanso. Ine ndinali nditayamba kale kuimba mlandu chimbale cha dalaivala chija. Amalume anangofunsa funso limodzi, limene mpaka lero ndimayamba nalo ntchito iliyonse: "Kodi yagwera pomwe inagwera dzulo?" Ndinati ayi. Iwo anati ndiye kuti zolembazo zilibe mlandu. Cholakwika cha m'zolemba chimakhala ngati dzenje la mumsewu, galimoto iliyonse imagunda pomwepo. Koma ikamagwa lero apa, mawa apo, wodwala ndi galimotoyo. Patapita zaka ndinadzawerenga akatswiri akunja akufotokoza zomwezo, kuti gcc ikamagwa mwachisawawa pa ntchito yaitali, kawirikawiri vuto ndi memori yowonongeka kapena kutentha, chifukwa kumanga pulogalamu kumapanikiza makina kuposa kutayipa kalata. Amalume anazidziwira pa mawailesi amene amalira bwino m'mawa n'kumadukiza masana.

Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene anakhalako ku Mwanza nyengo imeneyo akudziwa mmene malata amatenthera. Tinatsegula bokosi la kompyuta. Fani inali itavala bulangete la fumbi la mathiraki. Tinaipukuta ndi mswachi wakale, n'kuuziramo mpweya ndi pampu ya njinga. Kenako tinayatsa kompyuta kudzera pa chimbale cha Ubuntu n'kusankha zoyeza memori. Sikirini inasanduka yabuluu, ndipo pasanathe theka la ola mizere yofiira inayamba kutuluka pansi. Timitengo ta RAM tinalimo tiwiri, kalikonse ka 128 MB. Ndinafuna kuzula tonse, kupukuta, kusinthanitsa malo, zonse nthawi imodzi. Amalume anakana. Anati ukasintha zitatu nthawi imodzi, ngakhale zitatheka sudziwa chimene chachiza. Tinazula kamodzi, kuyeza usiku wonse: kufiira. Tinabwezera, kuzula kenako, kuyeza usiku wina: mbee, popanda banga.

Ndiye tinatsala ndi 128 MB, ndipo matenda anasintha dzina. Tsopano chomangira chinkafa ndi liwu limodzi lokha, Killed. Memori ikatheratu, Linux imasankha pulogalamu yodya kwambiri n'kuipha kuti zina zipulumuke. Tinazimitsa zonse za zithunzi ndi mbewa, n'kutsala ndi sikirini yakuda yokha, ndipo tinakulitsa swap, malo a pa hadi disiki amene amabwerekedwa ngati memori. Ntchito inkayenda ngati ngolo ya ng'ombe pa chitunda, koma inkayenda. Usiku wina magetsi anathima pakati pa ntchito, ndipo atayaka make inayamba kudandaula za Clock skew: wotchi ya kompyuta inali itabwerera zaka zingapo m'mbuyo, mafayilo n'kumaoneka ngati analembedwa m'tsogolo. Kabatire kozungulira ka mkati kanali katatha. Tinakagula katsopano kwa wokonza mawotchi pamsika.

M'mawa wina ndisanapite kusukulu ndinadzera kushopu, yunifolomu ili m'thupi. Sikirini inali chete, popanda liwu loti Error paliponse. Ndinalemba make install manja akunjenjemera. Scribus inatseguka. Amalume sanakuwe kapena kuomba m'manja; anavula magalasi, kuwapukuta ndi malaya, n'kundituma kukagula Fanta ziwiri ndi mabanzi. Khadi loyamba limene tinapanga linali la ukwati wa ku Thambani, la maluwa m'makona, ndipo ndinalinyamula ndi manja awiri potuluka mu pulinta.

Zaka zimenezo, kuyambira 2006 mpaka cha m'ma 2010, ndimaziona ngati nyengo ya dzinthu. Tinkamva kuti ku Lilongwe a Baobab Health akuika makompyuta odina ndi chala m'zipatala pogwiritsa ntchito mapulogalamu aulere omwewa, ndipo ndinkadziona ngati ndili nawo pa mzere umodzi wa khasu, ngakhale iwo sankandidziwa. Atabwera madongo a intaneti a makampani a foni, nawonso poyamba ankafuna kumangiridwa kapulogalamu kotchedwa usb_modeswitch kuti kompyuta isiye kuwaona ngati chimbale. Aphunzitsi awiri ndi kalaliki wina wa kuboda ankabwera ndi makompyuta awo madzulo, tonse n'kuunjikana pa sikirini imodzi kufunafuna amene anayamba kukuwa. Munthu akapeza yankho ankalilemba m'kope lija kuti wina adzalipeze.

ShipIt inatsekedwa mu 2011. Malaputopu ambiri a lero alibenso ndi polowetsa chimbale pomwe. Mwana wa mlongo wanga ali ndi foni ya Android, imene mkati mwake muli Linux yemweyo, koma pulogalamu ikagwa imangozimiririka osanena chimene chaipweteka, ndipo mankhwala ake ndi amodzi: kupita nayo kumsika akaifulashe. Ikavutanso, agule ina. Katundu wayambanso kudutsa wotseka. Sindikana kuti zinthu zapepuka. Scribus yomweyo lero imalowa m'mphindi zochepa ndi bandulo yotsika mtengo, ndipo palibe mwana woyenera kudikira Lachisanu kanayi chifukwa cha fayilo imodzi. Zoonadi zimenezo. Kungoti ndikamaona mnyamatayo akugwedeza foni yake mokwiya, ndimalakalaka ikanamulembera ngakhale mzere umodzi woti awerenge, kuti ndikhale naye pansi tiufufuze.

Titafika pakhomo ndinalipira wakabaza uja, n'kupempha kuti ndichione bwino chimbalecho. Kunsi kwake kunali mikwingwirima yokhayokha, sichingawerengekenso. Ndinachisiya pomwepo, pakuti usiku chimamuteteza. Madzulo ndinaimbira foni amalume, amene anasiya shopu kalekale ndipo amasamala mitengo yawo ya manachesi kumudzi. Nditawauza, anaseka nthawi yaitali, kenako anati kamtengo ka RAM kodwala kaja akadali nako m'chitini cha masikuluwu, pamodzi ndi kope langa la Fomu 2. Anati ndipite manachesi akayamba kupsa, ndikatenge.