Kukagula Chisanu ku Mapiri a Lesotho

Mwera ukayamba kuwomba m'mwezi wa Juni, nyanja n'kuda bii, mafunde n'kumaswekera pa miyala ya ku Mbenji usana ndi usiku, ife a kugombe la Chikombe timayenda manja ali m'khwapa ndi kumadandaulirana kuti dziko lazizira, ngakhale kuti munthu wa ku Dedza akatipeza tikunjenjemera chotero amavula jekete lake naseka. Kuzizira kwathu n'kwa mphepo ndi madzi, ndipo wokudziwa bwino ndi mlovi wokoka chilimira mbandakucha malaya ali chinyowere. Palibe amakufuna, palibe amakuitana. Koma zoti pansi pano pali kuzizira kwina kumene munthu amatayira ndalama zake, nasungitsiratu malo miyezi isanakwane, nakwera basi kudutsa maiko a eni kuti akakupeze, sindidazilabadire kufikira chaka china, pamene mwana wa mlongo wanga, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, adalumbira kuti atsibweni ake sadzatsikira kuli chete asanapondepo chipale chofewa.

Poyamba ndidakana, ndipo sindidakane chopanda mutu. Ndidamuuza kuti ngati cholinga chake n'chakuti ndizizidwe, dziko lathu silisowa mapiri. Ku Mulanje kuli Sapitwa, wa mamita 3,002, ndi nyumba zogonamo alendo ku Chambe, ku Lichenya ndi ku Thuchila, kumene chiperoni chikagwa munthu sachita kuuzidwa kuti asendere kumoto. Chovuta n'chakuti phirilo amalikwera ndi miyendo kuchokera ku Likhubula, pamene maondo anga adapuma pantchito tsiku limodzi ndi mwini wake. Ku Zomba galimoto imakufikitsa pamwamba penipeni, nuona damu la Mulunguzi ndi anyamata ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu. Ku Nyika, kumene boma lidakhazikitsa malo osungirako nyama mu 1965, udzu wa ku Chelinda umacha utayera ndi chisanu mu Juni ndi Julayi, mbidzi ndi ntchefu zikudya poyera. Ngakhale phiri la Ntchisi, limene lili pakhomo pathu pomwepa, likadatha kundipatsa chimfine chokwanira pa mtengo wozizira.

Mnyamatayo adamvetsera mwaulemu, monga mwana woleredwa, nati, "Zonsezo n'zoona, atsibweni, koma kumeneko kuli chisanu chongoyeretsa udzu, dzuwa likangotuluka chatha. Ine ndikunena chipale choti munthu n'kutsetserekapo." Kuyambira tsiku limenelo foni yanga sidaonenso mpumulo ndi zithunzi za pa WhatsApp.

Adayamba ndi zakutali kuti andikope mtima: Chamonix ku France, kumene kudachitikira mpikisano woyamba wa Olympics wa m'nyengo yozizira mu 1924, ndi St. Moritz ku Switzerland. Kunena zoona nyengo ya kumeneko ikadandiyenera, pakuti chipale cha ku Ulaya chimachuluka mu Disembala ndi Januwale, miyezi imene chilumba cha Mbenji chimakhala chotseka mwa lamulo la Mfumu Yaikulu Makanjira, monga zakhalira kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kuti nsomba ziswane mwamtendere kufikira mwambo wotsegulira mu Epulo. Ndipo pa nthawi imeneyo mwini chilimira alibe chochita koma kusoka ukonde ndi kulimbana ndi udzu wa m'munda. Koma titawerengera tikiti ya ndege ndi viza, nkhani ya ku Ulaya idafa yokha popanda woilira. Kudatsala malo awiri a kum'mwera kuno, kumene chisanu chimadza pamodzi ndi mwera wathu, ndiko kunena kuti nthawi yomweyo imene Mbenji ali wotsegula ndipo mwini ukonde wanzeru sachoka padoko.

Oyamba pa nthawiyo adali Tiffindell, ku Eastern Cape, m'mbali mwa phiri la Ben Macdhui la mamita 3,001. Nditamva nambala imeneyo ndidanyadira chamumtima, pakuti Sapitwa wathu aliposa ndi mita imodzi yathunthu. Koma kuchokera ku Johannesburg ndi ulendo wa tsiku lonse, ndipo kumapeto kwake kuli msewu wafumbi wokwera moopsa, wosayenera kagalimoto ka mnyamata wathu. Achiwiri ndi Afriski, m'mapiri a Maloti m'dziko la Lesotho, m'boma la Butha-Buthe, kumene phula limafika pakhomo ndipo maola asanu amangotsala pang'ono kukwanira. Tidakokanakokana, iye lero akuti uku mawa akuti uko, kufikira ndidamukumbutsa kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndiponso kuti Ogasiti akatha chipale sichidikira munthu. Tidagwirizana za Lesotho.

Za basi sindinenapo kanthu, pakuti palibe banja kwathu kuno lopanda m'bale amene adafotokozapo kale za Tete, za Nyamapanda ndi za mzere wa pa Beitbridge. Ndingoti ndidafika. Tidanyamuka m'Johannesburg m'mamawa kulowera ku Free State, dziko lathyathyathya la minda ya chimanga yokololedwa kale, mpaka tidafika m'tauni yotchedwa Bethlehem, imene mtsinje wake adautcha Jordaan. Ndipo ine, amene ndakhala ndikumva maina amenewa kuchokera paguwa chiyambire ubwana wanga, ndidachita nacho chidwi kuwapeza pa chikwangwani pafupi ndi pothirira petulo.

Chakufupi ndi malire tidaima pa nyumba ina yodyera, imene dzina lake ndilisunga, ndipo apa owerenga andilole ndikhalepo pang'ono. Mnyamatayo, pofuna kulemekeza atsibweni ake monga munthu wa nsomba, adandiitanitsira trout, nsomba ya m'madzi ozizira imene azungu adaithiranso m'mitsinje ya ku Zomba ndi ku Nyika. Idadza m'mbale yaikulu yoti banja lonse n'kudyeramo, koma nsombayo idali kachidutswa kosadzaza chikhatho, mutu atadula, mchira atadula, msuzi palibe, pambali ataikapo kagawo ka ndimu ndi timasamba tosaphika. Ndidafunsa mtsikana wotumikirayo kumene kudapita mutu, ndipo iye, atazizwa nalo funsolo, adati mitu amataya. Amataya! Anthu inu, kukoma kwa nsomba kuli kumutu. Kwathu mutu wa kampango umapita kwa mwini nyumba kapena kwa mlendo wolemekezeka, ndipo mwana woutola asanapatsidwe salikumbukira bwino tsikulo ngakhale atamera imvi. Mnofu wake sindiunyoza ayi: ngwofewa, wofiirira, wa minga yosavuta, koma ulibe mafuta a utaka wa ku Mbenji wowotcha pamakala ungovuuka m'madzi. Pepala la mtengo litafika, ine n'kusandutsa marandi aja kukhala makwacha m'mutu mwanga, ndidapeza kuti kachidutswako kadadya ndalama imene kwathu ikadakhutitsa alovi a bwato lonse nsima ndi ndiwo, n'kutsalako ya tiyi. Mnyamatayo adandigwira dzanja kunsi kwa tebulo kuti ndisayankhule. Kwa eni kulibe mkuwe. Mawu anga ndidawameza pamodzi ndi ndimu.

Tidalowa m'Lesotho pa Caledonspoort, n'kupyola Butha-Buthe, kumene Moshoeshoe adamanga linga lake asanasamukire ku Thaba Bosiu mu 1824, ndipo pambuyo pake msewu udayamba kukwera Moteng, ukupindikira uku ndi uku, phompho lili pambali, kagalimoto kakubuula mu giya yoyamba. M'mbali mwa njira mudaima abusa a nkhosa atafunda mabulangete ochindikala, nkhope zitabisika m'zipewa zaubweya zongosiya maso, kuphazi majombo a mphira, ena ali pa timahatchi tawo tatifupi tolimba. Madzi otsika m'matanthwe adali ataundana ali chilendewere. Pamwamba pa Mahlasela msewu umafika mamita 3,222, ndipo ndidatsika m'galimoto kuti ndiimepo ndi mapazi anga. Koma mtima udandiwawa pang'ono polingalira kuti Sapitwa, amene ife timamutchula ndi ulemu ndi mantha, ali kunsi kwa phula limene malole amapondapo tsiku ndi tsiku. Munthu wobadwira m'mbali mwa nyanja imene sifika mamita 500 pamwamba pa nyanja yamchere, chifuwa chake sichichedwa kumuuza kuti wafika kwa eni: nditangoyenda pang'ono ndidayamba kupuma mwawefuwefu, mutu ukuzungulira.

Tsono taonani chimene ndidayendera ulendo wonsewo. M'maganizo mwanga ndidali nditajambula dziko loyera mbee kufikira kumene maso alekeza. Chimene ndidaona ndi mapiri a udzu wouma, opanda mtengo ndi umodzi womwe, ndipo pakati pake mzere umodzi woyera wa pafupifupi kilomita, wotsika phiri monga nsalu ya bafuta imene mayi wayanika pathanthwe. Ndidafunsa chifukwa chake chipale chidasankha kugwa pamzere pokhapo, ndipo mnyamata wina wa Chisotho wogwira ntchito pamalopo adaseka, nandilozera makina a kukamwa kwakukulu kozungulira oimikidwa m'mbali mwa mzerewo. Kumwamba kumagwetsa chipale m'Lesotho ndithu, nthawi zina chochuluka mpaka kutseka misewu, koma kumagwetsa tsiku limene kwafuna, ndipo malonda sangalinde chifuniro chotero. Chifukwa chake usiku, kuzizira kukafika poumitsa madzi, amapopa madzi a m'dziwe, makinawo nawapemerera m'mwamba ali timadontho tating'onoting'ono, timene timaundana tisanafike pansi. Ndipo kusanache chigalimoto choyenda pa malamba chimadutsa kusalaza. Mwana wa mlongo wanga adagwetsa nkhope poganiza kuti ndakhumudwa. Koma ine ndidakondwa koposa m'mene ndikadakondwera ndi chipale chakumwamba, pakuti ndidaona anthu amene adayang'ana chinthu chimene Mlengi adawapatsa chochuluka, ndicho usiku wozizira, nachisandutsa ntchito ya ana awo. Ife mwera timangoutukwana.

Masewera ake ali chonchi. Munthu amabwereka nsapato zouma zofika kumsongolo, zosalola akakolo kupindika, nazimangirira pa timatabwa tiwiri tatitali totchedwa ski, m'manja atagwira ndodo ziwiri; chingwe choyendera magetsi chimamukoka kukwera phiri ali chiimire, ndipo akafika pamwamba amatsika m'kanthawi kochepa kuti akaimenso pamzere wodikira chingwe chomwe chija. Ndidaona tiana tosafika m'chiuno mwanga tikutsika mokhotakhota popanda mantha, ndi azibambo a ndevu zawo, ooneka kuti kuntchito kwawo amaopedwa, atagwa chagada miyendo ili m'mwamba, mphunzitsi wa Chisotho akuwadzutsa modekha ndi kuwasasa kumsana. Ine za timatabwa ndidakaniratu, pakuti fupa la nkhalamba likathyoka silimva mankhwala. Koma adandikhazika m'chubu chachikulu cha mphira nandikankha, ndipo amene adalipo akuti ndidaitana mayi anga, amene adatisiya kalekale, ndi mawu omveka mpaka koimika magalimoto. Chipalecho ndidachitapa m'manja: chimaluma zala, ndipo dzuwa likachimenya chimalasa maso kuposa nyanja ya masana mu Okutobala.

Madzulo malowo amasanduka phwando, nyimbo ndi zakumwa, amuna ndi akazi pamodzi, ndipo ndidaseka ndekha polingalira chimene akuluakulu a ku Mbenji akadachita nalo khamu limenelo, pakuti pachilumba paja mowa sufika, juga ndi chamba n'zoletsedwa, akazi sapondapo, ndipo wolakwa amamukweza bwato kubwerera kumtunda. Komabe m'chinthu chimodzi malo awiriwa ndi pachibale: onse amadyera miyezi yowerengeka, ndipo wogona nyengo itatsegulidwa adzalinda chaka chamawa.

Tidakagona pa nyumba ina ya alendo chakumunsi, mabulangete osanjikizasanjikiza, ine jekete lili m'thupi. Kutacha mnyamatayo adatsegula boneti, napeza paipi ya rediyeta itang'ambika, madzi ake ataundana gwa. Iye adathiramo madzi a pampopi okhaokha, monga tonse timachitira kwathu, osadziwa kuti kumapiri kumeneko amasakaniza ndi mankhwala oletsa kuundana, pakuti madzi akaundana amafufuma, nang'amba chilichonse chowapanikiza. Safunsa adadya phula. Tili chiimire, iye akuyang'ana foni yopanda netiweki, ine ndikupondaponda kuti zala zakuphazi zisafe, kudatulukira mkulu wina wolondera pamalopo, wa imvi zake, atafunda bulangete, ndipo atamva chiyankhulo chathu adaima, natiyang'anitsitsa, nati, "Manyasa?" Tisanayankhe adawonjeza yekha, "Muli bwanji, achimwene?" Adatiuza kuti ali mnyamata adagwira ntchito m'migodi ya golide pamodzi ndi anthu a kwathu, masiku a Wenela, Kamuzu asanaletse ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha amuna athu obwerera kumudzi, ndipo kuti adali Mnyasa amene adamuphunzitsa kusoka buluku.

Mnyamata wathu adafuna kuthira madzi owira pa injini, koma mkuluyo adamugwira mkono, nati chitsulo chozizira chikalandira moto mwadzidzidzi chimasweka, ndipo pamenepo tikadagula galimoto ina. Tidakankhira galimotoyo padzuwa, tidathira madzi ofunda pang'onopang'ono, ndipo chisanu chitasungunuka iye adabwera ndi chubu chakale cha njinga ndi waya. Apo ndiye ndidawapempha onse awiri kuti apatuke, pakuti kumanga chinthu chodontha ndi mphira ndi ntchito imene munthu wa mabwato aidziwa kuposa m'busa ndi kalaliki yemwe. Ndidalenga mphirayo, ndidakulunga mokoka, ndidamanga waya uku ndi uku, ndipo paipiyo idatifikitsa ku Butha-Buthe kumene tidagula ina.

Ndalama mkuluyo adakana, nati sangalandire malipiro kwa abale a mnzake wa kumgodi. Mwamwayi m'buti mudatsalira kaphukusi ka utaka wouma, pa katundu amene ndidamutengera mnyamatayo kuchokera ku Chikombe. Ndidampatsa ndi manja awiri, iye adanunkhiza, nafunsa kaphikidwe kake. Ndidamuuza za kuviika m'madzi ofunda, za tomato ndi anyezi ndi moto wochepa, ndipo ndidamulumbiritsa kuti mitu asataye.