Pasaka wa Mphukira

Ife amene tidatumidwa ku Roma kukapitiriza maphunziro, chisanu cha Januwale chidatifoola. Mitengo idayoyola masamba onse, ndipo nafenso pa mapemphero tidangouma ngati chitsa, mtima uli kumudzi.

Pofika Epulo, nyengo imene eni dziko amaitcha primavera, tidanyamuka m'mamawa kupita ku Subiaco, mtunda wa makilomita pafupifupi 70. M'njira monse mipesa idali itaphukira, dzuwa likuwala mofatsa, mtsinje wa Aniene ukusokosa m'chigwa. Tidakwera phiri wapansi mpaka kuphanga kumene Benedicto Woyera adabindikira zaka zitatu, cha m'ma 500. Potuluka tidakhala pathanthwe, tidagawana kamba wathu, ndipo tidadzimva tikusekanso monga kale.

Kwathu Epulo ndi masika, nthawi ya mondokwa, maungu ndi nzimbe. Pasaka amatipeza nkhokwe zikukonzedwa, motero kuuka kwa Ambuye tinkakumva ngati kukolola. Pa phiri lija tidaona kuti ndi kuphukiranso kwa chimene tidachiyesa chakufa. Mitengo ija sidafe ayi, inkangodikira nthawi imene Mulungu adaiikira.

Tsono abale, pamene mtima wauma, kaya wathu kaya wa mnzathu, tisafulumire kunola nkhwangwa.