Ulendo Umodzi, Matikiti Awiri

Pamsika pali lamulo limene aliyense amalidziwa ngakhale asadapondeko m'kalasi. Munthu wogula thumba lathunthu la chimanga amalipira ndalama zochepa poyerekeza ndi mnzake amene amagula mbale imodziimodzi kufikira thumba litadzaza. Chinthu chathunthu chimatsika mtengo, choduladula chimakwera. Koma ku Britain, dziko limene njanji yoyamba yoyendamo sitima za nthunzi zonyamula anthu idatsegulidwa m'chaka cha 1825, lamulo limeneli nthawi zina limatembenuka. Kumeneko munthu angathe kulipira ndalama zochepa akagula matikiti awiri kapena atatu a ulendo umodzi, kusiyana ndi kugula tikiti imodzi yochokera poyambira kukafika kumathero, chikhalirecho sitima ndi yomweyo ndipo nthawi yofikira ndi yomweyonso.

Mayi wina wochokera ku Malawi, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Bristol, adakhala zaka ziwiri osadziwa zimenezi. Mwana wake wamkazi adali kuphunzira ku London, ndipo mwezi ndi mwezi mayiyo ankakwera sitima pa siteshoni ya Temple Meads kupita ku Paddington kukamuona. Malipiro ake adali ndi eni ake ambiri: mwini nyumba, mwana wa ku London, ndiponso abale a kumudzi amene ankayembekezera ndalama za feteleza ndi za fizi. Tikiti ya sitima idali kudya gawo lalikulu la zotsala, kotero kuti mayiyo adayamba kulingalira zomakamuona mwanayo kamodzi pa miyezi itatu. Maganizo amenewa adali kumusowetsa tulo, pakuti mwanayo adalibe mbale wina aliyense mumzindawo.

Tsiku lina pa nthawi yopuma, mnzake wa pantchito adamuona akuwerengera ndalama pa kapepala ndipo adamufunsa chimene chidamuvuta. Atamva nkhaniyo, mnzakeyo adatulutsa foni yake ya m'manja natsegula pulogalamu yogulira matikiti. "Amayi," iye adatero, "musamagule tikiti ya ku London. Muzigula ya ku Didcot, ndi ina yochokera pa Didcot kukafika ku London. Simutsika ayi, mumangokhala m'sitima momwemo." Mayiyo adayang'ana mitengo iwiriyo, adaiphatikiza, nabwerezanso kuphatikiza, ndipo adaona kuti idalidi yochepa poyerekeza ndi imene ankalipira. M'malo mokondwa, iye adachita mantha. Adakumbukira kuti kwa eni kulibe mkuwe, ndipo sadafune kuti tsiku lina adzachite manyazi pamaso pa anthu chifukwa cha mapaundi ochepa.

Mantha a mayiyu ngomveka, koma chodabwitsachi chili ndi gwero lake. Kale sitima zonse za m'dzikolo zidali m'manja mwa bungwe limodzi la boma lotchedwa British Rail. Potsatira lamulo la m'chaka cha 1993, bungweli lidagawidwa, ndipo pakati pa 1994 ndi 1997 ntchito yoyendetsa sitima idaperekedwa kwa makampani osiyanasiyana. Kampani iliyonse idapatsidwa mphamvu yoika mitengo pa maulendo ena, ndipo mitengo yatsopano idangosanjikizidwa pamwamba pa yakale, monga zigamba pa malaya. Pofika m'chaka cha 2018, eni makampaniwo adavomereza okha kuti mitengo yosiyanasiyana ya matikiti idakwana pafupifupi 55 miliyoni. Pa mulu wotere sizingatheke kuti mitengo yonse igwirizane. Ulendo waufupi umene anthu amayenda tsiku ndi tsiku popita ku ntchito uli ndi mtengo wake, ulendo wautali uli ndi wakenso, ndipo nthawi zina maulendo aafupi awiri akaphatikizidwa safika pa mtengo wa wautaliwo.

Chifukwa china ndi nthawi. Matikiti a m'dzikolo ali m'magulu atatu aakulu. Pali a Anytime, amene munthu amakwera nawo nthawi ina iliyonse ndipo ndiwo okwera mtengo koposa; pali a Off-Peak, ogwira ntchito pa nthawi imene anthu sakhala ochuluka; ndipo pali a Advance, ogulidwiratu, amene amagwira ntchito pa sitima imodzi yokha yolembedwa pa tikitiyo. Munthu wonyamuka m'mamawa pa ulendo wautali akagula tikiti imodzi, amalipira mtengo wa nthawi ya piringupiringu pa ulendo wonse, ngakhale kuti piringupiringuyo amatha iye ali pakati pa njira. Akaudula ulendowo pawiri, mtengo wokwerawo amaulipira pa chigawo choyamba chokha.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Anthu okonda za sitima adaidziwa kalekale, koma idali kufuna kuleza mtima kwakukulu, chifukwa munthu ankayenera kuyesa siteshoni iliyonse payokha. Chimene chidasintha zinthu ndi kubwera kwa mapulogalamu a pa foni ndi pa intaneti monga TrainSplit, Split My Fare ndi TrainPal, amene amayesa masiteshoni onsewo m'kanthawi kochepa. M'chaka cha 2020 kampani yaikulu yogulitsa matikiti ya Trainline idayambanso kuchita chimodzimodzi. Komabe wolima samalimira mnzake ulele: ena mwa mapulogalamuwa amatapako gawo la ndalama zimene munthu wapulumutsa, ena amaonjezera kandalama kogulira, choncho wanzeru amayang'ana chiwerengero chomaliza asadalipire. Nthawi zina kuduladulaku kumafika poseketsa. M'chaka cha 2017 nyuzipepala za m'dzikolo zidalemba za wokonda mpira wina amene adalandira matikiti 56 a anthu awiri pa ulendo wochokera ku Newcastle kupita ku Oxford ndi kubwerera.

Mayi uja sadathamangire kugula. Lamulungu lotsatira adaifotokoza nkhaniyo kwa bambo wina wachikulire amene amapemphera naye, munthu amene adakhala m'dzikolo zaka zambiri. Bamboyo adapukusa mutu nati, "Mayi, kodi kumeneku si kuba kovala jekete? Ngati mtengo wa ku London adauika, inu ndinu yani kuti muuzembe?" Funsoli lidamulasa mtima mayiyo, pakuti adaleredwa m'banja limene chinyengo chidali chonyansa kuposa umphawi. Koma safunsa adadya phula. Iye adapita yekha pa zenera logulitsira matikiti nafunsa poyera, ndipo wogulitsayo adamuyankha kuti palibe cholakwa. Malamulo a kayendedwe ka pa sitima, otchedwa National Rail Conditions of Travel, amalola munthu kugwiritsa ntchito matikiti angapo pa ulendo umodzi, malinga ngati sitimayo ikuima pa siteshoni imene tikiti yoyamba ikuthera ndi yachiwiri ikuyambira. Kutsika sikofunika, koma kuima kwa sitimayo ndiko kofunika. Wakuba amabisala, pamene woduladula ulendo amaonetsa matikiti ake onse kwa kondakitala, ndipo mtunda uliwonse umene wayenda waulipira pa mtengo umene eni sitima adaika okha.

Ngakhale zili choncho, walira mvula walira matope. Si sitima zonse zochokera ku Bristol zimene zimaima pa Didcot Parkway, zina zimangodutsa. Tsiku lina mayiyo adafika msanga pa siteshoni napeza sitima ina ya ku London itatsala pang'ono kunyamuka. Mtima udamuuza kuti akwere kuti akafike msanga, koma atawerenga mndandanda wa masiteshoni pa chikwangwani adaona kuti dzina la Didcot palibe. Adabwerera nakhala pa benchi kudikira sitima yake. Akadakwera, matikiti ake onse awiri akadakhala opanda ntchito pa sitimayo, ndipo akadatha kulipiritsidwa tikiti yatsopano kapena chindapusa, chimene ku England chidakwezedwa kufika pa mapaundi 100 m'chaka cha 2023. Phindu la miyezi ingapo likadathera pa kufulumira kwa mphindi makumi awiri. Ufulu umene tikiti yokwera mtengo imapereka, wokwera sitima iliyonse, ndiwo umene wopulumutsa ndalama amaugulitsa.

Mayiyo adapitiriza kukamuona mwana wake mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama za kumudzi sizidachepe. Koma nkhani yake ikusiya funso limene ndi lalikulu kuposa iye. M'sitima imodzi mumakhala anthu awiri oyandikana, opita kumodzi, wina atalipira zambiri ndi wina zochepa, ndipo kusiyana kwawo ndi kwakuti mmodzi adauzidwa pamene winayo sadauzidwe. Kawirikawiri wolipira zambiriyo ndi nkhalamba yosazolowera foni, kapena mlendo wongofika kumene, kapena munthu amene walandira uthenga wa maliro ndipo alibe nthawi yofufuza mitengo. Amene akufunika chithandizo koposa ndiwo amene njirayi imawaphonya. N'chifukwa chake anthu ambiri m'dzikolo akhala akudandaula kuti mitengo ikonzedwe kuti tikiti yotsika mtengo izipezeka kwa aliyense popanda kuisaka. M'chaka cha 2024 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo lobwezera makampani oyendetsa sitima m'manja mwa boma, ndipo mu 2025 ntchito yobwezayo idayambika. Kusintha mwini n'kosavuta poyerekeza ndi kumasula mfundo za mitengo zimene zidamangika kwa zaka makumi atatu.

Wophunzira amene sadakwerepo sitima ya ku Britain asaganize kuti nkhaniyi siikumukhudza. Mtengo woyamba umene munthu wauzidwa, kaya ndi wa ulendo, wa ngongole kapena wa katundu, udaikidwa ndi anthu pa zifukwa zawo, ndipo ungathe kufunsidwa. Chimene chidapulumutsa mayi wa ku Bristol si foni yokha ayi. Iye adaphatikiza mitengo ndi dzanja lake, adafunsa kwa eni ake ngati njirayo ndi yololedwa, ndipo adawerenga chikwangwani asadakwere. Pang'onopang'ono ndi mtolo, koma mtolowo umafika pakhomo ukamangidwa ndi luzi la kuona mtima ndi kudekha.